Atsibweni a Chimtolo ndi Makoko Awo a Mtedza

Chaka chakwana chimwalirireni atsibweni anga, a Gelesomu Chimtolo, ndipo abale agwirizana kuti tiwamangire chiliza mvula isanayambe. Simenti agula, njerwa aotcha, mmisiri wapezeka wa ku Malomo. Chatsala ndi mawu olemba pamwalapo, ndipo ntchito imeneyo aiponyera kwa ine popeza akuti ndine wolemba mabuku wa pabanja pano. Ino ndi sabata yachitatu pepala lili m'chikwama. Ndikalemba kuti ause mumtendere, ndikumva mkuluyo akufunsa ngati alipo manda m'Ntchisi muno amene sanalembedwe zomwezo. Ndikalemba kuti anali tate wachikondi, ndikuwamva akutsokomola. Munthu anagona chaka chatha koma mpaka lero akundikanirabe ziganizo. Zandikwana, ndiye ndati bola ndilembe za iwo pano pamene malo alipo, mwina mzere wa pamwalawo utulukira momwemu.

Anali mlongo wawo wa mayi anga, mwini mbumba yathu. Anaphunzitsa zaka zambiri m'sukulu za pulayimale za mpingo, uku ku Dowa uku ku Ntchisi, ndipo atapuma anabwerera kumudzi kwathu, m'mapiri a kufupi ndi Kasakula. Buku sanalembepo. Ngakhale kandakatulo ka paukwati, ayi ndithu. Koma aliyense wolemba kanthu m'dera lathu, kaya nkhani, kaya sewero la achinyamata a kutchalitchi, ankadziwa kuti tsiku lina adzakwera chitunda cha kunyumba kwawo ndi mapepala kukhwapa, ndipo adzatsika atapsa mtima.

Njira yawo inali iyi. Kuyambira mu Juni, mtedza ukauma, amayi a m'mudzi ankasonkhana Loweruka masana pakhonde lakuseri kwa nyumba yawo, aliyense ndi dengu lake, kuswa mtedza uku akucheza. Atsibweni anaona kuti apa pali anthu okhala pansi maola atatu makutu ali pa ulova, ndiye khondelo analisandutsa bwalo loyesera zolemba. Wolemba ankaimirira pamzati n'kumawerenga mokweza. Iwo ankakhala pampando wawo wansungwi, kope lina lili pamiyendo, koma maso awo sanali papepala. Ankayang'ana manja a amayiwo. Manja akamaswabe mtedza pakamwa pali chete, ndiye kuti nkhani ikuyenda, palibe choyamika, palibenso chodandaula. Manja akaima, mtedza uli pakati pa zala, ndiye kuti wolemba wagwira penapake. Koma amayi akangoyamba kunong'onezana za mtengo wa feteleza kapena za mbuzi yosowa, atsibweni ankawerama, kutola khoko la mtedza, n'kulilowetsa patsamba limenelo. Pomaliza ankakubwezera mapepala ako atatupa ngati mtsamiro, iwe n'kumayoyola makoko njira yonse ya kusiteji.

Akazi awo, a Nabanda, ankanena poyera kuti iwo amakonda olemba osatha, chifukwa tsiku limenelo madengu amadzaza msanga.

Kutsutsana nawo kunali kutaya malovu. Ukati amayiwo sanapite patali ndi sukulu ndiye sangamvetse luso lozama, ankakuyankha kuti mayi amene angatsatire mlandu wa malire a munda kuyambira kwa agogo a agogo ake sangalephere kutsatira nkhani yako, ndiye vuto ulifune kwina. Ukati tsambalo ndi lofunika pofotokoza maganizo a munthu wa m'nkhani, ankati maganizowo akhale nawo mwini wake, ife atipatse zimene anachita. Mabuku atsopano ankawagula ndithu. Akapita ku Lilongwe sankabwera chimanjamanja, ndipo ankawerenga lililonse mpaka tsamba lomaliza kuti apeze podandaula pokwanira. Ankati olemba a masiku ano akatopa ndi munthu wawo amamukweza minibasi n'kuigubuduza. Ankati ambiri amamaliza nkhani ndi ulaliki ngati owerenga ndi ana a sitandade 2. Chimene chinkawanyansa koposa ndi anthu a kumudzi a m'mabukumo, amene sangapemphe mchere osayamba aponya miyambi itatu. Ankafunsa kuti mudzi umenewo uli kuti, apite akauone.

Bambo wina wa mu ofesi ku Dowa Boma anasindikiza yekha buku la ndakatulo, pachikuto pali chithunzi chake atavala suti, dzanja lili pachibwano. Anabwera pa njinga yamoto ndi mabuku awiri, akuganiza kuti akudzalandira madalitso. Anawerenga mwamphamvu zedi, mawu onjenjemera ngati a pawailesi, mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Pofika ndakatulo yachinayi, amayi anali atalowa nkhani ya chinkhoswe cha mwana wa a Nachisale, ndipo anakambirana mpaka za amene adzaphike thobwa. Bukulo linabwezedwa losatsekeka. Bamboyo ananena kuti ku Lilongwe anthu ophunzira anamuombera m'manja, atsibweni n'kumuuza kuti kuomba m'manja n'kosavuta kwa munthu amene manja ake alibe chochita. Sanalonjeranenso mpaka imfa, ngakhale pamaliro bamboyo anabwera, anayimba nawo, ndipo makoko aja akuti anawasunga mu envelopu.

Ngakhale abusa sanapulumuke. Atsibweni anali mkulu wa mpingo, ndipo m'thumba la jekete lawo la Lamulungu simunkasowa makoko. Lamulungu lina, abusa atsopano atalalikira ola lathunthu ndi theka, anthu akupereka moni pakhomo, atsibweni anawagwira chanza mwaulemu wonse n'kuwasiyira khoko m'dzanja. Abusawo sanamvetse. Atafunsa, anauzidwa, ndipo nkhani inafika kubwalo la akulu a mpingo. Kumeneko atsibweni anapepesa chifukwa chopereka khoko limodzi pamene amayi a kumbuyo anayamba kucheza kanayi. Mayi anga anakhala mwezi wathunthu akuyenda chowerama ndi manyazi, koma ulaliki unafupika.

Ine anandiyamba kalekale. Nkhani zanga zoyamba ndinazilemba m'Chingelezi ndili kukoleji ya aphunzitsi, ndipo ndinkaziona ngati zapamwamba. Anandiimika pamzati paja n'kundiuza kuti ndiziwerenga chiganizo chilichonse ndi kuchitembenuza pomwepo kuti amayi amve. Ndinatuluka thukuta. Ziganizo zambiri zitavulidwa Chingelezicho zinapezeka kuti mkati mulibe kanthu. Ndinalira pobwerera, ndinalumbira kuti sindidzapondanso pakhondepo, ndipo chaka chotsatira ndinabweranso ndi nkhani ya m'Chichewa. Zaka zonsezo sanandiuzepo kuti ndalemba bwino. Ndikudziwa kuti wakutsina khutu ndi mnansi, koma iwo ankatsina osaleka, mpaka khutu kuchita dzanzi.

Zaka zawo zomaliza maso anachita ng'ala. Tinati basi, olemba apuma. Kunali kudzinamiza. Ankakhalabe pampando paja, mutu atapendeketsa, kumvetsera kulira kwa makoko, ndipo ankadziwa ngakhale dengu limene laima. Anadwala sabata ziwiri zokha, mtedza wa chaka chatha uli pafupi kutha. Mdzukulu wina atawawerengera Salimo kuchipatala, anamuuza kuti akuthamanga ngati akuthawa galu, ayambirenso. Anamwalira m'mawa mwake.

Koma chimene ndimawakumbukira nacho kwambiri, ndipo chimene chimandiwawabe, ndi nkhani ya mutu wachisanu ndi chiwiri.

Buku langa loyamba lalitali ndinalilemba zaka zinayi, uku ndikuphunzitsa kusekondale ina ku Dowa. Kampani ina yosindikiza mabuku ku Lilongwe inalikonda, ndipo inandiuza kuti ndikalipereka lomalizidwa pofika kumapeto kwa Julayi, idzalitumiza kwa osankha mabuku owerengedwa m'sukulu. Wolemba aliyense amadziwa tanthauzo la mwayi wotere. Buku lolowa m'sukulu limafika m'manja mwa ana dziko lonse, pamene linzake limagona pashelefu kudikira chiswe. Mitu yambiri ndinali nditaiwerenga kale pakhonde paja m'nyengo ziwiri za mtedza, koma wachisanu ndi chiwiri ndinkaulumpha, ndikumati sunathe. Kalata ya ku Lilongwe itabwera, kunyada kunandipusitsa. Ndinawapatsa atsibweni buku lonse, kalatayo ili pamwamba, kuti aone okha. Patapita sabata anandibwezera. Makoko anali ochepa, moti mtima unayamba kuvina, koma pa mutu wachisanu ndi chiwiri panali mtedza wathunthu. Anati umenewo sunaswedwe, ndipo tidzauswa Loweruka.

Chifukwa chimene ndinkaubisira mutuwo chinali a Nambewe, mayi wa m'mudzi mwathu momwemo. Ndili mtsikana wa ku pulayimale, mwana wawo wamwamuna wa zaka zitatu anadwala malungo mu Febuluwale, amuna awo ali kuesiteti ya fodya. A Nambewe anamubereka n'kudula mapiri wapansi, ulendo wa theka la tsiku, kupita kuchipatala cha mishoni. Mwanayo anafika atamwalira, ndipo anabwerera naye kumsana tsiku lomwelo. Ana amamwalira, ndipo mudzi ukanaiwala. Chimene mudzi sunaiwale n'chakuti a Nambewe sanalire. Panjira sanalire, pasiwa sanalire, ngakhale kumanda maso anali gwa. Akuchimuna anati mayi wosalira mwana wake amadziwa chimene chamudya. Banja linatha. Palibe anawatchula mfiti pamaso, koma ana tinkaitanidwa tikasewera pafupi ndi nyumba yawo, ndipo pa zisangalalo sankapatsidwa mwana wa munthu kuti anyamule.

Ine ndinatenga nkhani imeneyi osapempha. Ndinasintha dzina lawo, mudzi ndinausuntha, mwana ndinamutcha Chisomo. Ndipo ndinkaona ngati ndikuwachitira zabwino, chifukwa mayi wa m'buku langa analira. Anamwino atangomasula nsalu, mayiyo anadzigwetsa pansi n'kulira masamba awiri athunthu, mpaka anamwinowo kulira naye. Ndinkati ndawabwezera misozi imene mudzi unkawafunsa, ndipo ndinkakhulupirira kuti amenewo ndi masamba okoma kuposa onse amene ndinalembapo.

Loweruka nditazungulira kuseri kwa nyumba, ndinawapeza a Nambewe atakhala pamkeka wawo kumapeto kwa khonde, dengu lili pakati pa miyendo. Sankabwerabwera pamenepo. Ndinakagwada pafupi ndi mpando wansungwi uja n'kunong'ona.

"Atsibweni, a Nambewe abwera."

"Ndawaona."

"Sindingawerenge mutu umenewu iwo ali pano."

"Enelesi, si unati dzina unasintha, mudzi unasuntha? Ngati nkhaniyo si yawo, ukuopa chiyani? Ngati ndi yawo, unawapempha liti?"

Ndinayesa kuwauza kuti olemba onse amatero, kuti nkhani zimachokera kwa anthu, sizimera m'thengo. Anavomera kuti n'zoona, koma anati chimene sindingawerenge pamaso pa mwini wake ndisakachigulitse kumbuyo kwake. Anawonjezera, mosakweza mawu, kuti ndikakana adzakwera minibasi Lolemba kukauza a kampaniwo kuti akugula mbuzi yakuba. Ndinkawadziwa. Akanapitadi, atavala jekete lawo la Lamulungu.

Ndinaimirira pamzati n'kuyamba. Nkhani inagwira. Mayi wa m'bukuyo asanafike pamtsinje, amayi onse anali atazindikira kuti ndi ndani, ndipo manja anayamba kuima, dengu ndi dengu, mpaka a Nabanda amene. Ndivomere tchimo langa: mkati mwa mantha onsewo ndinanyada. Ndinawaponyera diso atsibweni kuti aone khonde lonse litaima, chinthu chimene sichinachitikepo chiyambire. Iwo sanali kuyang'ana khonde lonse. Anali kuyang'ana kumapeto, kumene manja awiri okha anali akugwirabe ntchito, phwa, phwa, phwa, osafulumira, osachedwa. Ndinawerenga kulira kuja konse, masamba onse awiri, a Nambewe akuswa mtedza.

"Mwamaliza, aphunzitsi?" anandifunsa.

"Ndamaliza, mayi."

"Mwalemba zokoma. Koma mayi ameneyo si ine. Ine sindinalire."

Ndinayamba kufotokoza kuti ndinkafuna kuti owerenga awamvere chisoni. Sanandikalipire. Anangodikira kuti mawu andithere, ndipo sanachedwe kutha.

"Inu mwalemba kuti ndinadziwira kuchipatala," anatero. "Ine ndinadziwira pamtsinje. Mwana anali akundiotcha kumsana chichokereni kunyumba, ndiye titangowoloka, msana unayamba kuzizira. Ndinaima, ndinamanganso nsalu, n'kupitirira. Ndikanabwerera pamenepo, akuchimuna akanati sindinamupititse kuchipatala. Ndinkafuna kapepala kosonyeza kuti ndinafika. Ndinati ndikalira kuchipatala. Kuchipatala ndinati ndikalira kunyumba. Kunyumba ndinapeza anthu akundiyang'ana m'maso kuti aone ngati ndilire, ndiye misozi inakana."

Ena mwa amayi amene anali pamenepo ndi omwe aja ankatiitana tikasewera pafupi ndi nyumba yawo, ndipo aliyense anali kuyang'ana m'dengu mwake. A Nambewe anathira mtedza m'lichero n'kufunsanso.

"Nanga Chisomo ameneyo ndi mwana wa yani? Wanga anali Yosefe."

Dzina limenelo linali lisanatchulidwe m'mudzimo kwa zaka zoposa makumi awiri. A Nambewe anati dzina lawo ndisinthe mmene ndingafunire, mudzi ndiuike kumene ndikufuna, koma ngati ndikulemba za mwana wawo ndimubwezere dzina lake ndipo ndilembe zimene zinachitikadi. Pamanda ake panalibe mwala, ndipo kamtumbirako kanali katafafanizika kale, ndiye ankafuna penapake pakhale polembedwa kuti mwanayo analipo. Patapita kanthawi a Nachisale, amene pakamwa pawo panali pakuthwa kuposa onse ponena a Nambewe pa nthawi ija, anadzikoka chokhala mpaka kumapeto kwa khonde n'kuyamba kuswa mtedza wa m'dengu la a Nambewe. Tsikulo linatha choncho.

Amayi atabalalika ndinawatulukira atsibweni. Ndinaiwala ulemu. Ndinawauza kuti achititsa manyazi mayi wosauka pagulu pongofuna kundiphunzitsa ine phunziro, ndipo kuti imeneyo ndi nkhanza, si luso ayi. Anandimvetsera uku akusesa makoko ndi phazi. Kenako anati amene wawachititsa manyazi a Nambewe ndi masamba anga awiri aja, chifukwa powakakamiza kulira ndavomerezana ndi onse amene ankati mayi wosalira ndi wolakwa. Anati ndinawaweruza ngati mmene mudzi unachitira, kungoti ine ndinachita ndi mawu okoma. Ankanena zoona, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima koposa.

Patapita miyezi, a Nabanda ndi amene anandiuza kuti Lachinayi, Loweruka lija lisanafike, atsibweni anali atatenga ndodo yawo n'kupita kwa a Nambewe. Anawafotokozera zonse, n'kuwafunsa ngati akufuna kuimva nkhaniyo paokha, kapena osaimva konse, kapena kuti mutuwo ung'ambidwe. A Nambewe anasankha okha kuti akaimvere pakhonde, pamaso pa amayi anzawo. Atsibweni akanatha kundiuza zimenezi tsiku lomwe lija ndi chiganizo chimodzi. Anandisiya ndikuwatcha ankhanza mpaka mvula kugwa, ngati kuti n'zosafunika kuzikonza. Khalidwe limeneli ndi limene linkandidwalitsa mutu mwa munthu ameneyu.

Julayi anali atatsala ndi Maloweruka atatu. Ndinaganiza kuti kukonza mutu umodzi ndi ntchito ya masiku awiri, koma ndinapeza kuti kulemba misozi n'kosavuta, pamene kulemba mayi amene akumanganso nsalu n'kupitirira kunali kondiposa msinkhu. Ulendo woyamba ndinafotokoza kwambiri za mumtima mwake, ndipo ndinalandira makoko asanu. Wachiwiri a Nambewe anati ndawasandutsa mngelo, pamene iwo panjirapo ankatukwana amuna awo mumtima ndiponso anali ndi ludzu. Wachitatu ndinachita kuwapempha atsibweni kuti andilole nditumize momwemo, ndidzakonza pambuyo pake. Anati iwo sanandimange manja, ndipo positi ofesi sinatsekedwe, koma ndikatumiza ndichotsemo dzina la Yosefe. Ndinakhala ndi envelopu patebulo masiku awiri. Sindinatumize. Kampaniyo inapereka buku la munthu wina, ndipo limenelo ndi limene ana anga a m'kalasi anawerenga, ine ndikuwaphunzitsa ndi pakamwa panga pomwe.

Ngati kuti zimenezo sizinakwane, mtedza unatha mu Seputembala ndipo bwalo linatsekedwa mpaka Juni wina. Ndinati tiwerenge amayi akamatong'ola chimanga. Anati chimanga sichilira bwino, munthu sungadziwe pamene manja aima. Miyezi isanu ndi inayi kudikira mtedza! Sindinapondeko kwawo mpaka Khirisimasi itadutsa, ndipo nditapita anandilandira ngati tinasiyana dzulo, n'kundifunsa ngati mutu uja wapsa.

Juni wotsatira ndinauwerenganso. Unali utafupika, masamba asanu okha, opanda msozi ndi umodzi womwe. Pamene mayiyo anawoloka mtsinje n'kuima kuti amangenso nsalu, kumapeto kwa khonde kunati zii. Sindinayerekeze kudzutsa maso mpaka nditamaliza. A Nambewe anali atagwira mtedza umodzi m'manja, ndipo sanauswe. Ananyamuka, anapinda mkeka wawo, anatsanzika bwinobwino n'kumapita. Madzulo ake tikumwa tiyi, atsibweni anauza a Nabanda, osati ine, kuti dengu la a Nambewe silinadzaze lero. Chiyamiko chonse chimene ndinalandira kwa iwo m'moyo wanga ndi chimenecho, ndipo chinadzera kwa munthu wina.

Bukulo linatuluka patapita zaka ziwiri. M'sukulu silinalowe, ndipo limagulidwa mwa apo ndi apo. Nditawabweretsera lawo, analiyeza kulemera m'dzanja, anati mtundu wa pachikuto ndi wonyansa ndipo mapepala ndi opyapyala, n'kuliponya m'bokosi lawo lachitsulo la mabuku. Anthu amati mawu a akuluakulu akoma akagonera. Awa agonera zaka zambiri, ndipo ndikakumbukira ana onse amene akanaliwerenga bukulo, amandiwawabe. Kungoti ndikalitsegula pa mutu uja sindichita manyazi, ndipo ndikakumana ndi a Nambewe pamsika wa Kasakula sindikhotera kuseri kwa ogulitsa tomato.

Pogawa katundu, maliro atatha, bokosi lachitsulo lija linagwera ine. Buku langa ndinalipeza pansi penipeni, loyera ngati labwera dzulo, masamba ena adakali omatana. Ndinapsa mtima ndi munthu wakufa. Zaka zonsezi osaliwerenga n'komwe! Koma nditaligwira m'mbali ndinaona kamzere kakuda pakati. Masamba asanu okha anali akuda bii ndi zala, ofewa ndi mafuta a mtedza, ngodya zake zitapindika. Ndinawafunsa a Nabanda. Anati a Nambewe sadziwa kuwerenga, ndiye chaka chilichonse, Loweruka loyamba la mtedza, ankafika msanga anzawo asanabwere, atsibweni n'kuwawerengera mutuwo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Maso atachita ng'ala sanasiye. Ankatsegulabe bukulo pamiyendo n'kumanena pamtima, akutembenuza masamba pamalo pake. Zimenezinso sanandiuze.

Loweruka lapitali ndinapita kumudzi kukaona pamene mmisiri wafika. Chaka chino amayi sanasonkhane, aliyense waswera mtedza kwake, ena akupita nawo kumakina. A Nabanda anandiuza kuti Loweruka loyamba la Juni a Nambewe anabwera ndi dengu lawo monga mwa nthawi zonse, anayala mkeka, anaswa mtedza okhaokha kwa kanthawi, kenako anapita, mkeka n'kuusiya. Awatumizira mawu kawiri kuti adzatenge, iwo akuti ukhale. Atanena zimenezi a Nabanda anaonjezera, akuyang'ana kumbali, kuti asunga thumba limodzi losaswa, ndipo sakudziwa kuti aliswa liti. Ndinamva. Mkulu uja wandisiyira ntchito yowawerengera a Nambewe mutu uja osandifunsa, monga mwa chizolowezi chake, ndipo ndauza a Nabanda kuti aitane amayi Loweruka likubwerali.

Ndisananyamuke ndinazungulira kuseri. Khondelo lasesedwa, koma m'ming'alu ya pansi mudakali makoko a chaka chatha, otuwa ndi fumbi. Mzati uja uli ndi malo osalala pamene olemba tinkatsamira powerenga. Thumba la mtedza laimikidwa pakona, lomanga pakamwa ndi luzi, ndipo mkeka wa a Nambewe waupinda n'kuutsamiritsa kukhoma pafupi nalo. Mpando wansungwi uli pamalo pake, nsungwi ziwiri za pokhalira zitathyoka, ndodo ya atsibweni itapingasa pamwamba kuti nkhuku zisakwerepo. Palibe wausuntha. Sunayang'ane kuchigwa kumene kuli mapiri okongola aja, sunayang'anenso kumzati. Wayang'ana pansi pakhonde, pamene pamakhala manja.